Buku la mwana wanga ndinaliyambira kumapeto

Aphungu,

Ndine bambo wachikulire ndithu. Sukulu ndinalekezera ku pulayimale, koma ndakulira pakampani yosindikiza mabuku, komwe ntchito yanga ndi kusaka zolakwika buku lisanatuluke. Amene anandiphunzitsa ntchitoyi anati ndiziyambira kumapeto kubwerera kumayambiriro, kuti nkhani isandikomere n'kunditseka m'maso. Mpaka lero ndimawerenga choncho.

Mwana wanga wamkazi amagwira ntchito ya makompyuta. Walemba buku lofotokoza malamulo a pulogalamu ina yolembera pakompyuta, loti anzake opanga mapulogalamu aziyang'anamo akasokonezeka. Mwezi watha anabwera nalo kunyumba, lomatidwa bwino, nandipatsa ndi manja awiri. "Ababa, taonani," anatero.

Ine ndinayesa akufuna ndimukonzere. Ndinakhala pakhonde ndi cholembera changa chofiira. Zimene bukulo likunena sindinazimve, koma pamene pasowa chilembo ndimapaona. Ndinachonga tsamba ndi tsamba, mtima uli m'mwamba kuti anthu angamuseke mwana wanga.

Pamene ankabwera kudzacheza kachiwiri n'kuti ndisanamalize. Anatsegula bukulo, naona kufiira konseko, nafunsa motsitsa mawu, "Nanga tsamba loyamba mwaliona bwanji?" Ndinati, "Sindinafikepo, koma napo sipangalephere kanthu." Analiika m'chikwama n'kumapita, tiyi osamwa.

Mayi ake ndiwo anandiululira. "Inu bambo inu, patsamba limenelo analembapo mawu othokoza inuyo. Bukulo linali lanu, munapatsidwa!"

Chiyambire tsikulo amaimbira foni mayi ake okha. Ine ndikaimba amangoti, "Ndatanganidwa, ababa." Kodi ndamutaya mwana wanga? Nditani?

W.K.M.

A W.K.M.,

Mwana simunamutaye, koma mwamulasa pamtima, ndipo foni siingapoletse bala limenelo. Iye anabwera kwa bambo ake, inu munamulandira ngati kasitomala.

Nyamukani mupite kumene amakhala. Cholembera chofiira chitsale kunyumba, ngakhale m'thumba la malaya chisapezekemo. Musayambe ndi kulongosola za kachitidwe ka kuntchito kwanu. Yambani ndi kupepesa, kenaka mupemphe buku lanu, lomwe lija munalifiiritsa. Mukhale pansi, mutsegule tsamba loyamba, muliwerenge mokweza iye akumva. Mukatero mumuuze zimene mwandiuza inezi, kuti munkaopa kuti anthu angamuseke. Iyeyo sakudziwa zimenezo, anangoona inki.

Zimene munachongazo si zachabe, mwina adzazifuna pokonzanso bukulo. Koma mudikire afunse yekha.

Chenjezo langa nali, poti maso anuwo ndawadziwa kale: patsamba loyambalo mukapezapo chilembo chosowa, chisiyeni chisowe.

Aphungu