Akuti Ndamudula Nabanda

Chongoni, mwezi wa Juni

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko? Kuno chisanu chawotcha mbatatesi zakudimba, koma chimanga chalowa m'nkhokwe bwinobwino.

Mpongozi wanu Nabanda anachira mu Epulo, mwana wamkazi. Tamutcha dzina lanu, Marita. Koma chitulukireni m'chikuta, Nabanda si uja munamusiya. Amangokhala kuseri kwa nkhokwe n'kumayang'ana phiri. Mwana akalira iyenso amalira, kuyamwitsa mpaka amake amugwirire. Dzana anandiuza kuti, "Mwanayu angakule bwino ine kulibe." Chingwe cha mbuzi ndi mankhwala opopera kudimba ndakasungitsa kwa akatekisiti.

Pano ndine mkamwini, mukudziwa. Apongozi akuti ndamudula. Akuti tsiku limene ndinakagulitsa mbatatesi ku Chimbiya n'kusabwerako ndinagona kwa mkazi wina, mwana asanatengeredwe kumphasa. Amayi, ine anandikhazika pamsewu usiku wonse ndi anyamata achipani chifukwa khadi lachipanilo ndinaliiwala m'malaya ena. Zimenezo ndingazinene mokweza pabwalo? Pano mbale yanga amaika payokha, mwana sandilola kumunyamula.

Nabanda ndinapita naye kuchipatala cha mishoni. Ine ndimayembekeza jakisoni. Asisitere anangomulowetsa m'kachipinda n'kumacheza naye, ine panja. Potuluka anandiuza kuti si mdulo ayi, ndi matenda a maganizo amene amagwira amayi ena akabereka. Akuti azigona mokwanira, asamakhale yekha, ndipo tizibwera Lachitatu lililonse adzayankhule zakumtima. Ndinafunsa kuti, "Kuyankhula basi, opanda ndi piritsi lomwe?" Anati tiyambe ndi zimenezo, ndipo inenso akamayankhula ndizikhala pansi n'kumvera, osamukalipira. Sindinakhutire. Koma pobwerera Nabanda anapempha yekha kuti mwana amuike kumsana. Anangofika naye pamtsinje n'kundipatsa, komabe anapempha yekha.

Loweruka ankhoswe akumana. Amalume ake akufuna ine ndibwerere kwathu, iwo apite naye kwa sing'anga. Ndikachoka, Lachitatu azimuperekeza ndani? Nanga chingwe azibisa ndani?

Pali chimene ndakumbukira. Atabadwa mng'ono wanga Petulo, inu munkakhala pambali pa mtondo wopanda chimanga tsiku lonse, azakhali n'kumatiphikira. Ndikakufunsani munkati, "Mutu wanga wapita kumadzi, ubwera." Unabweradi, mvula itayamba. Chaka chimenecho atate sanagone kunja ngakhale kamodzi, ndipo panalibe wowanena kuti akudulani.

Loweruka ndikanena zimenezi, Amayi. Ndikudziwa kuti simunkafuna kuti anthu azidziwe, ndipo ena akatola nkhani n'kumati kwathu kuli misala. Mundikhululukire, umboni wina ndilibe. Akandithamangitsabe, ndikamanga kachisakasa kudimba, Lachitatu ndizimudikira panjira. Nabanda ndi Marita sindiwasiya, zimenezo ndakulonjezani.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Yohane