Funso la Mbedza

9 Meyi

Okondedwa achimwene,

Aphunzitsi aakulu anatiuza makolo, ataimirira ndi dzanja pachifuwa, kuti pasukulu pawo palibe mwana amene amasiyidwa m'mbuyo. Ndakulemberani mawuwo monga anawayankhulira, popeza ndi amene anakukopani kuti mwana wanu akaphunzire kumeneko.

Lachinayi kunabwera woyendera sukulu, ndipo ife makolo anatiitana kuti tikakhale kumbuyo kwa kalasi ngati maluwa. Ine masamu ndinalekera pa alijebura, koma maso ndili nawo. Mphunzitsi wa kalikulasi, amene ana amamutchula kuti Mwachidziwikire chifukwa mawu amenewo sachoka pakamwa pake, anajambula pabolodi chinthu chonga mbedza, kenako 1 pamwamba, x + 2 pansi. Akuti imeneyo ndi intigireshoni. Choko chisanatsike n'komwe, kalasi yonse inayimba pamodzi kuti yankho ndi logi ya x + 2, kuwonjezera C. Ngakhale kwaya ya kutchalitchi kwathu siyambira pamodzi chotero. Makolo ena anaomba m'manja.

Woyenderayo, mayi wosachuluka zonena, ananyamuka, anafufuta 2 uja ndi chala n'kulembapo 7. Ana anayimbanso nyimbo yomwe ija, 2 wake ali momwemo. Mwachidziwikire anayamba kuyang'ana kudenga ngati kukudontha.

Mwana wanu yekha ndiye anatseka pakamwa maulendo onse awiri. Mayiyo atamufunsa chifukwa, anaimirira mwaulemu n'kunena kuti, “Sindidziwa kumene logiyo imachokera, madamu. Tinangouzidwa kuti tikaona mbedza tiziyankha choncho.”

Pobwerera anandifunsa kuti, “Azakhali, ndalakwa?” Ndinamuuza kuti amange zingwe za nsapato.

Mawa lake Mwachidziwikire anandiimitsa pageti, nandifotokozera kuti mwanayo alibe mzimu wa umodzi, ndipo mayeso olowera kukoleji akhoza kumulemera. Munthu wosasiyanitsa kuphunzitsa ndi kuimbitsa ndiye amene amandiuza zimenezo, tayi ali pakhosi.

Kuno tonse tili bwino. Mwana wanu akudya, akugona, ndipo wabwereka buku kwa mnzake kuti aifufuze yekha logi ija. Akuti ndikupatseni moni, koma ndisakudandaulitseni. Muwapatse moni alamu anga, ndipo kalatayi muwawerengere atakhala pansi.

Ine mlongo wanu.

Ndinatsala pang'ono kuiwala. Kuyambira Lolemba, mwanayo amubweza kalasi ya m'mbuyo.