Mkono Wokha pa Kamera

Indianapolis, 14 Meyi 2020

Okondedwa malume,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi amayi. Ine ndilipo ndithu.

Ulendo wa ku Switzerland uja walephereka. Chionetsero cha mawotchi achiimitsa kaye chifukwa cha mliriwu, ndiye makampani angotumiza mawotchi atsopano kusitolo kwathu kuno, tikuwaonetsa pa vidiyo. Abwana amandiveka wotchi yodula kuposa galimoto yanu, n'kuuza wa kamera kuti ajambule mkono wokha. Ine ndimautembenuza pang'onopang'ono, iwo akucheza ndi makasitomala. Digiri yonse ija, malume, yathera kutembenuza mkono. Akamaliza amaivula n'kuipukuta, ine n'kukwera basi kubwerera ku Lawrence komwe ndimakhala, kukayang'anizana ndi makoma. Kwa a Mervin, anzanu a ku South Bend aja, sindinapiteko chiyambire Malichi.

Abwana anati za kundisponsa kuti ndipitirize kugwira ntchito kuno ku America tikakambirana kuchionetseroko. Chilolezo changa chogwirira ntchito chikutha mu Julayi. Ndawafunsa kawiri, akungoti tiona.

Amayi musawauze kanthu kaye. Koma chipinda changa chija, ngati munaganiza zoikamo munthu wa lendi, tadikirani pang'ono.

Ndine mwana wanu,
Upile