Chifuwa Chimene Ndinaphimba ndi Nyimbo

Amayi, kodi muli bwanji kumene muliko? Kuno tilipo, kungoti chifunga chatsika m'phiri kuyambira Lolemba, zovala sizikuuma.

Ndiyambe ndi zokoma. Mkazi wa mchimwene wanga Limbani anachira mwezi wathawu, mwana wamkazi, ndipo amutcha dzina lanu. Mphuno ndi yanu yomwe ija, koma tamukhululukira. Munda wa ku Songani watipatsa chimanga chokwanira. Nandolo yekha ndiye wadyedwa ndi mbozi, poti palibenso wopita kukamukalipira monga munkachitira inu. Chiliza chanu chatha, tikachivundukula Loweruka likudzali.

Chilizacho ndi chimene chandilembetsa kalatayi. Limbani anandipempha kuti ndikonzenso vidiyo ya ukwati wake kuti abale adzaonere tsikulo, chifukwa ndi momwe munajambulidwa komaliza. Ntchito yanga ija munkaiseka, yongokhala pa kompyuta ku Matawale nditatseka makutu ndi zomvera, mumvekere, "Mwana wamkazi wosamva ngakhale odi." Mmene imayendera ndi motere: zithunzi zimayenda pamwamba, mawu ali ndi mzere wawowawo pansi, ndipo ndimatha kudula mawu maso ali pazithunzi.

Tsiku la ukwati lija ndinakumangirirani kamaikolofoni pabulauzi kuti mawu anu othokoza anthu amveke bwino. Mutamaliza kulankhula ndinaiwala kukachotsa, ndiye kanajambula masana onse. Pokonza vidiyo nthawi imeneyo ndinangotenga mawu othokozawo. Kwina konseko ndinathira nyimbo, monga timachitira tonse, poti anthu amafuna kudziona akuvina perekaniperekani, osati kumva phokoso. Zotsalazo ndinati ndidzamvera mawa. Zengerezu adalinda kwawukwawu, munkatero.

Ndinazitsegula Lachiwiri m'mawa. Kuti mawu agwirizane ndi zithunzi, timafufuza pamene wina waomba m'manja. Ndinapeza pamene munagwada kuombera m'manja makolo a mkwatibwi, n'kukoka mawuwo mpaka kuwombako kunagwera pomwe zikhatho zanu zikukumana. Zitangogwirizana, munayamba kupuma m'makutu mwanga.

Amayi, pachithunzi mukuvina, mukumwetulira, duku lapendekeka. M'makutu mukubanika, mpweya ukulira ngati chitseko cha khitchini yathu. Paliponse pamene mukupereka msana ku kamera, ine ndinkayesa ndi kavinidwe. Kani munkatsokomolera m'chitenje. Kenaka mwachoka pachithunzi, holo yonse ikuvinabe, Limbani akuseka, koma kamaikolofoni katsagana nanu kuseri. Mwatsokomola nthawi yaitali. Ndiye mwanong'ona kuti, "Ambuye, mungondifikitsa madzulo. Anawa asaone."

Sitinaonedi. Patapita miyezi inayi adokotala anati tachedwa. Miyezi inayi yonseyo mawu amenewa anali mu kompyuta yanga, pansi pa nyimbo imene ndinasankha ndekha. Zikundiwawa, Amayi, ndipo ndakukwiyirani pang'ono. Chiyambire Lachiwiri, ndikavula zomvera zija kupumako sikuleka. Dzulo ndinakumva kumbuyo kwanga mumsika, ndikusankha tomato, mpaka ndinacheuka kuti ndikupatseni njira.

Limbani sakudziwa kanthu. Anangoti ndichotse phokoso lililonse kuti muoneke bwino. Ndikuopa kuti akamva adzati ukwati wake ndi umene unakubisitsani matenda, ndipo mukumudziwa, sachedwa kudzisenzetsa mlandu. Kudula n'kosavuta, chala chimodzi basi. Ndayesa kawiri. Koma ndikachotsa chifuwacho mumatsala mukuvina opanda mpweya, ndipo pamenepo ndi pamene mumaonekadi ngati malemu. Kawiri konseko ndinachibwezera.

Ndiye ndaganiza chonchi. Abale a Loweruka adzaona vidiyo ya nyimbo, adzakuoneni mukuvina monga munafunira. Koma Limbani ndamuitana mawa masana. Ndimukhazika pampando wanga, ndimuveka zomvera zija, amve mmene mayi ake ankapumira kuti iyeyo aseke tsiku lake. Musandidzudzule. Munapempha kuti akufikitseni madzulo, ndipo madzulo aja anakwana kalekale.

Ndimakukondani, Amayi. Ndikulonjeza kuti pa mpweya wanu wonse umene kamaikolofoni kaja kanasunga, sindidzadulapo ngakhale umodzi.

Ndine mwana wanu wosamva odi uja,
Tiyanjane