Dzina la Eneles pa chikwama

Bambo a Eneles,

Mukaweruka ku shifiti simundipeza. Ndapita ku polisi ndi Eneles. Mwana ali bwino, musathamange.

Masana ano akuchokera ku sukulu, munthu wina wa njinga anamuimitsa pafupi ndi msika n'kumuitana dzina lonse, Eneles Chirwa, mpaka nambala ya nyumba yathu. Anamuuza kuti inu mwavulala pansi mu mgodi, akwere akamusiye kuchipatala. Mwana anali atakhala kale pa kaliyala pamene Bana Mulenga, ogulitsa tomato aja, anagwira njingayo n'kufunsa munthuyo kuti ndi ndani: "Nimwe bani?" Munthuyo anamutsitsa n'kupalasa osacheuka.

Ndamufunsa Eneles chimene anakwerera. Akuti, "Amandidziwa, amama." Munthuyo samamudziwa ayi. Anangowerenga zomwe munalemba ndi penti pa chikwama chija munamugulira pa chikondwerero cha ufulu, zilembo zazikulu ngati za pa chisoti chanu cha kuntchito. Nanenso tsiku lija ndinati zakongola, ndiye sindikukulozani chala inu nokha.

Chikwamacho ndatenga kuti apolisi achione. Cha Gordon, mlongo wake, chili pa msomali kuseri kwa chitseko. Mufufute dzina ndi nambala lero lomwe, parafini akakanika mupakepo penti wakuda. Mayina ndidzawasoka mkati. Mukatero mupite kukathokoza Bana Mulenga, ndipo musapite chimanjamanja.

Pepani, ndiwo sindinaphike. Muli mazira m'kabati.

Pa ndowa, pa wailesi ndi pa njinga yanu dzina mulisiye. Ndowa siitsata munthu chifukwa waitchula dzina.

Ndine,
Amake Eneles