Za shopu ya amalume ndi ana osamva

Amayi okondedwa,

Kuno ku Lusaka kwacha ndi mphepo yozizira. Dzuwa langokwera kumene, ndayanika mabulangete a ana, ndipo ndakhala pakhonde la hositelo ya sukulu kudikira kuti aume. Kaya muli bwanji ku Mlolo? Mwendo uja ukukuvutanibe? Thonje mwayamba kutola? Ine m'thupi ndili bwino, koma mtima sukukhazikika.

Amalume a Whiteson anandiimbira foni Lamlungu. Akuti sukulu ikangotseka ndipite ndikayambe kugulitsa mu shopu yawo ya mbewu pa boma pa Chadiza. Akuti mtsikana sangakalambire kuchapa mikodzo ya ana a eni. Ine ndinangoti inde. Chikwama ndalongedza, ndamasula, ndalongedzanso.

Amayi, mukundidziwa, pakamwa panga mpolemera. Kuno ana onse ndi osamva, amalankhula ndi manja. Ine ndimawasambitsa, kuwachapira ndi kuwapesa tsitsi. Poyamba ndinkangogwira kuti tsiku lithe. Kenaka anabweretsa Chiyanjano, kamtsikana kochokera kumudzi, kosadziwa chizindikiro ngakhale chimodzi. Kankaluma anzake n'kumabisala kuseri kwa chitseko. A Idesi, amene amatiyang'anira, anakapereka kwa ine, akuti poti tonse awiri sitilankhula, tikamvana. Anaseka, nanenso ndinaseka.

Pokasambitsa ndinkaloza madzi n'kukaonetsa chizindikiro chake, iko kali duu. Tsiku lina kanandikoka chitenje n'kupanga chizindikiro chija. Kanali ndi ludzu. Chibadwire kanali kasanapemphepo kanthu n'kumveka. Ndinathamanga ndi kapu, madzi ambiri n'kutayikira panjira. Lero ndi kolongolola, kamandinena kwa anzake ine ndili pomwepo kuti ndimapesa mopweteka ngati ndikupalira mtedza. Ana anandipatsanso dzina la m'manja: chala pachibwano, mutu n'kuweramitsa pang'ono. Akuti ndimo mmene ndimayendera.

Si kuti zonse zili bwino ayi. Manja anang'ambika ndi sopo, chipinda chathu chimadontha, ndipo ndimakusowani. Ku shopu ndikanakhala pafupi nanu, Loweruka n'kumapalasa njinga kudzakutungirani madzi. Ndikaganiza zimenezo chakudya chimandikanika. Koma kuno ndikadzuka ndimadziwa chimene ndadzukira. Chaka chachiwiri chino sindinatope nazo. Kuseri kwa kauntala ndizikangoima n'kumapemphera kuti wogula asalowe.

Pempho langa ndi limodzi. Mupite kwa amalume mukawauze kuti inde uja sanali wochokera mumtima. Inu ndinu mlongo wawo, mudziwa poyambira. Ndikudziwa akhumudwa, poti ndi iwo anatisunga atate atamwalira. Pa holide ndibwera, ndidzagwada pamaso pawo ndi kupepesa ndekha, ngakhale mawu adzatuluke pang'onopang'ono. Koma ndidzabwerera kuno. M'mawa uno, ndisanayambe kulemba, ndawauza a Idesi kuti sukulu ikatsegulira adzandipeza. Ndinaopa kuti ndikadikira yankho lanu ndisintha maganizo. Mundikhululukire.

Mundiperekere moni kwa azakhali, akulu anga ndi alamu, ana awo, komanso amayi a kumpingo. Ana abwera kumene kuchokera m'kalasi, mabulangete sindinaanule.

Ndine mwana wanu,
Tinenenji

Ndamaliza kulemba Lachitatu, nthawi ya 13 koloko.