Bowa Woyera M'phukusi la Amayi

Khamphong mlongo wanga,

Undiyankhe mosazungulira: unawayang'ana liti Amayi m'maso? Sindikunena moni uja umawaponyera ukuthamangira kumunda. Ndikunena kuwayang'ana.

Moni ndikupatsa ndithu, ungamati ndataya ulemu. Muli bwanji ndi alamu ndi ana? Ine ndilipo, kupatula msanawu. Ndikadali pantchito ija kuno kumalo a boma ofufuzira za bowa, yophika matumba a utuchi omeretsamo bowa ndi kutsuka mabotolo a mbewu.

Phukusi la bowa wouma limene Amayi ananditumizira linafika. Ndinalimasula pa nkhomaliro kuti anzanga asirire. Mayi Wilai, amene ntchito yawo ndi kuyeza bowa, anaseka n'kunena kuti lero tidya zenizeni, tipumeko ku bowa wa m'matumba wokoma ngati nsanza. Anapisa dzanja, kutola mmodzi, kuseka konse n'kutheratu. Anandifunsa ngati alipo amene wadyako kale.

Bowayo anali woyera, wofanana ndi uja timamukonda, koma m'mphepete mwa chipewa chake munalibe timizere tija.

Mtima wangawu ukuudziwa. Ndinawauza kuti Amayi anayamba kuzula bowa iwo asanamere mano, ndipo sukulu isawapusitse. Ananditengera ku kanyumba kakale kamene malo ano anayambira, chaka chimene mabanja athunthu ankatha ndi mphika umodzi. Muli mabotolo okhaokha mpaka kudenga. M'botolo lililonse muli zotsala za mumphika wa munthu amene anadya bowa wakupha, zimene achipatala anatumiza kuno. Bowa wa Amayi anali ndi abale ake ambiri m'menemo.

Ndikudziwa zimene unene, zoti Amayi amaponya mpunga mumphika, ukapanda kuda ndiye kuti bowa ndi wabwino. Mpunga sudziwa kanthu, Khamphong. Chimene chinatisunga moyo ndi maso awo. Ulendo watha anandipatsa singano kuti ndiwalowetsere ulusi, akuti dzuwa likuwathobwa. Tinali pamthunzi.

Mayi Wilai akuti bowa ameneyu ndi wokoma. Munthu amasanza, kenako amadzuka n'kupempha mpunga, abale n'kumati wachira. Nthawi imeneyo chiwindi chili mkati mowola.

Tsono amene anabweretsa phukusili wandiuza kuti Amayi ayanika dengu lonse, akusungira mwambo wokumbukira Abambo mwezi wamawa. Akuti adzaphika msuzi wopatsa amonke, ansembe aja a kukachisi, ndi mudzi wonse, monga Abambo ankaukondera. Ndipo ukudziwa amene amayamba kulawa pamphika wa agogo awo. Ndi ana akowo.

Usandiuze kuti usankha wekha. Iwe sunasiyanitsepo bowa ndi ndowe ya njati.

Ndatumiza matumba a bowa wathu wa kuno, uwaike kunsi kwa nyumba, pakati pa nsanamira paja, uziwathirira. Sakoma, ndavomera, koma sanaikitsepo munthu m'manda. Amayi upite nawo kuchipatala cha maso. Akakana, uwanamize kuti mukukagula nsalu.

Adzalira. Adzati ana awo awayesa chitsiru. Uwauze kuti walamula ndi Buasri, anditukwane ine, ndinazolowera. Bola anditukwane ali moyo.

Undiperekere moni kwa alamu, kwa ana ndi kwa azakhali. Zabwino zimene Abambo anachita zikutetezeni nonse.

Dengulo uliwotche lonse tsiku limene uwerenge kalatayi, usasiye ngakhale mmodzi. Ndipo ufunse Amayi kuti wina amene anam'gawirako ndi ndani.

Ndine mlongo wako,
Buasri